Nyenyezi Zanga M'nyumba ya Malemu

Nsanje,
21 Seputembala 2022

Okondedwa achimwene a Paison,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko, inu, alamu ndi ana. Kuno kwayamba kutentha monga mukumudziwira Seputembala wa kuchigwa. Dzuwa likungotuluka litakwiya kale, mbuzi zikungogona pansi pa ngolo osafuna ndi msipu womwe. Ine ndilipo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa m'kalata muno ndafuna kunena zoona zokhazokha.

Mudabwa kuti ndakulemberani pamanja pamene foni ndili nayo. Pa foni simumvetsera, achimwene. Ndikangotsegula pakamwa mumandidula ndi "pirira, mlongo wanga," kenako mayunitsi atha. Pepala simungalidule mawu. Muwerenga mpaka pansi kapena mulitaya, koma ine ndikhala nditanena.

Zaka zonsezi mwakhala mukunyadira kwa anzanu kuti Rute akuphunzira za nyenyezi ku Cape Town, koma simunandifunsepo n'kamodzi komwe kuti kwenikweni ndimachita chiyani. Lero ndikuuzani, kuti mudziwe chimene chatayika.

Nyenyezi zimabadwa, achimwene. Kutali uko, pakati pa nyenyezi zimene timaziona, kuli mitambo ikuluikulu ya fumbi ndi mpweya, yozizira, yakuda bii. Mtambo ukadzipanikiza pena pake, mkatimo mumayambika nyenyezi. Vuto ndi loti fumbilo limabisa kuwala, ndiye ngakhale mutakhala ndi makina amphamvu bwanji oonera kutali, mumangoona mdima. Koma nyenyezi yaing'ono sikhazikika. Imaphulikaphulika pamwamba pake n'kumatulutsa kuwala kwa ekisireyi kochuluka kuposa kwa dzuwa lathuli, ndipo kuwala kumeneko kumadutsa m'fumbi monga kumadutsira m'mnofu kuchipatala kuja. Pansi pano sikufika chifukwa mpweya wa dziko umakumeza. N'chifukwa chake makina ojambulira kuwalako anaikidwa mumlengalenga, amangozungulira dziko.

Makinawo amalimbiranidwa ndi dziko lonse. Ambiri amapempha, ochepa amapatsidwa. Ine ndi aphunzitsi anga, a Molly, tinapempha kuti aloze pa mtambo wina umene ndinausankha ndekha, ndipo anatilola. Zithunzi zinafika mu Okutobala chaka chatha. Tsono lamulo lake ndi ili, ndipo mulimvetse bwino: amene anapempha amakhala nazo yekha zithunzizo kwa chaka chimodzi. Chaka chikatha amazitsegulira aliyense. Amene wayamba kulemba ndi kufalitsa zimene wapezamo, nyenyezizo zimadziwika kuti anazipeza ndi iye. Wobwera pambuyo alibe chake, ngakhale akhale amene anayamba kuziona.

Musaganize kuti ndi zithunzi zokongola zopachika pakhoma. Ndi timadontho basi. Kadontho kena ndi nyenyezi yaing'ono m'kati mwa mtambo, kena ndi chinthu chakutali kwambiri kuseri kwa mtambowo, kena ndi phokoso chabe la makina. Ntchito yanga inali kutenga kadontho kalikonse n'kukayerekeza ndi zithunzi zina za malo omwewo, kamodzikamodzi, ngati kusankha miyala mu mpunga. Chifukwa cha mliri wa korona, sukulu inatilola kugwirira ntchito kwathu, ndiye ndinkachitira zonsezi ku Nchalo, m'nyumba ya kampani imene mwamuna wanga Geresomo ankagwirako ntchito. Intaneti ya kumeneko mukuidziwa. Kutumiza chithunzi chimodzi cha mwana kumatenga nthawi yophika nyemba. Choncho ntchito yonse inali mu laputopu yanga, ndi m'kadisiki kakang'ono kosungira kamene ndinkakaika m'chikwama chomwecho. Pofika Pasaka ndinali nditatsala pang'ono kumaliza. Ndinali nditapeza nyenyezi zambiri ndithu zimene munthu wina aliyense anali asanazidziwe.

Pa Pasakapo tinabwera kuno kwa apongozi, mayi Esinala. Tsiku lina masana ndili pakhonde ndi laputopu pamiyendo, iwo anabwera ndi lichero lawo n'kukhala pafupi, akusuzumira.

"Mwananga, timadonthoti ndiye tikukudyera maso tsiku lonseli?"

Ndinawafotokozera monga ndakufotokozerani inumu. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenako anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndiye kuti ana a eni ake ali m'chikuta, mchombo usanagwe, iwe uli kalikiliki kusuzumira pazenera? Geresomo, mkazi wakoyu alibe mwambo!"

Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti ana anga agona bwanji. Palibe munthu wina m'banja lathu kapena lawo amene anaimvetsa ntchito yanga msanga ngati mayi amenewa, ngakhale kuti sanapondepo m'kalasi.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, ngakhale kuti pamaliro simunabwere. Geresomo anayamba kumva mutu, tinati ndi dzuwa. Anali malungo, ndipo anakwera kumutu msangamsanga. Tinathamanga naye kuchipatala ku boma, ine nditangovala chitenje, chikwama changa ndinachisiya pabedi m'kanyumba kake ka kumudzi kuno. Sanabwerere ndi moyo. Pamene tinafika ndi thupi, pakhomo la kanyumbako panali patalendewera kale loko.

Kiyi anali ndi a Lorenso, mng'ono wawo wa malemu apongozi aamuna, amene tsopano ndiwo mutu wa banja. Maliro atatha ndinapita kukagwada pamaso pawo.

"Bambo, m'nyumbamo muli chikwama changa cha sukulu. Si cha malemu ayi, n'changa."

"Nkhabe, mayi," anatero akupukusa mutu. "Chimene chinagona m'nyumba imodzi ndi malemu chili ndi imfa. Palibe chotuluka m'menemo, ngakhale singano, mpaka titapita kufa. Inunso simuchoka pamudzi pano."

Ife a kwa Lundu zimenezi timangozimva, koma mukudziwa chimene ankatanthauza. Ankafuna kundipezera mwamuna wochita kumulemba ganyu kuti agone nane, ati imfa ichoke pamudzi. Ndinakana pamaso pawo. Ndinawauza kuti bola andiike m'manda momwe aika mwana wawo.

Sabata yomweyo ndinakuimbirani. Mukukumbukira zimene ndinanena? Ndinati zenera la kanyumbako ndi lofooka, ndilikankha masana anthu ali kudimba, nditenge chikwama changa, ndikwere minibasi. Inu munati chiyani? Munati zonyansazo ndisalole, pamenepo ndikuyamikani. Koma munapitiriza kuti ndisathyole kanthu, ndisathawe. Munati mwana wina akangotsokomola pamudzipo adzati ndi Rute anathawa ndi imfa. Munati mayi athu kwa Lundu adzalephera kupita kuchigayo ndi manyazi. Munati anthu ophunzira amafunika kuonetsa ulemu woposa, kuti asamati sukulu inatiwononga. Ndinakumverani, chifukwa kuyambira pamene bambo anatisiya ndakhala ndikukumverani. Inu munazimitsa foni n'kupita kuntchito kwanu.

Amene anandiimira ndi apongozi. Pa msonkhano wa banja, pansi pa mtengo wa nimu, mayi wofatsa uja anaimirira pakati pa amuna, chinthu chimene sindinachionepo kuno.

"Mwana wanga ndamuika m'dothi. Uyu yekha ndiye wanditsalira m'malo mwake, ndipo palibe amene amukhudze. Boma linaletsa, tchalitchi chinaletsa, inenso ndaletsa. Midzi ina akupita kufa ndi mankhwala, ifenso tichita chomwecho. Amene sakufuna ayambe wandiika ine."

A Lorenso anagonja, koma anagonja ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo wa munthu wosunga kiyi umatuluka m'kuchedwetsa. Poyamba anati sing'anga wodziwa mankhwalawo amakhala tsidya lina la Shire, ku Mozambiki, madzi ayambe aphwa. Madzi ataphwa anati anthu ali kalikiliki ndi thonje. Thonje litatha anati mkulu wina wa ku Beira ayenera kukhalapo. Ine ndinkangoyenda pabwalo ndi nsalu yakuda, kudutsa pa kanyumba kaja m'mawa ndi madzulo. Pa mng'alu wa chitseko ndinkatha kuona lamba wa chikwama changa ali lende pabedi.

A Molly ankandilembera pa foni. Anayesa kupempha eni makina kuti atiwonjezere nthawi, anawayankha mwaulemu kuti lamulo ndi lamulo. Anandiuzanso kuti gulu lina lalikulu la ku Ulaya lakhala likuufuna mtambo womwewo, likungodikira tsiku lotsegulira, ndipo ali ndi anthu ambiri ndi makina oti ntchito imene ine ndinaigwira miyezi yambirimbiri iwo aimaliza m'masabata ochepa. Mu Juni anandifunsa mosabisa: "Rute, ndipereke zithunzi kwa wophunzira wina ayambirenso? Dzina lako lidzakhalapo, koma ntchitoyo sidzakhalanso yako." Ndinakuimbiraninso. Munati a Lorenso akulonjezani okha kuti mwezi usanathe zitheka, ndisataye thukuta langa kwa munthu wina. Ndinawachonderera a Molly kuti adikire. Ndinawauza kuti chitseko chikangotseguka, ndikufuna masabata ochepa basi. Anadikira.

Tsiku la mwambowo linapezeka sabata yatha. Dzulo lake ndinapitanso kwa a Lorenso, chifukwa ndinali nditamva kuti katundu yense wa malemu amamutsuka ndi madzi a mankhwala. Ndinagwada, ndinawafotokozera kuti chinthu chili m'chikwamacho chikangokhudza madzi chafa. Ndikuuzeni zoona, bambo aja anali atatopa nane. Pamapeto pake anati, "Pyadidi, ndamva. Wailesi ya malemu achimwene sitinaiviike, tinangoifukiza ndi utsi wa mankhwala. Chanucho tichita chimodzimodzi." Ndipo anasunga mawu awo, achimwene. Pamenepa sindingawanamizire.

M'mawa mwake amayi a pamudzi anandipititsa kuseri kwa nyumba, m'kampanda ka mphasa, kukandimeta ndi kundisambitsa. Namfedwa saona katundu akutulutsidwa, ndiwo mwambo wake. Ndinkangomva loko akutsegulidwa, bedi likukokedwa, madzi akukhuthulidwa m'mabeseni. Lumo likuyenda pamutu panga, ine mumtima ndinali nditayamba kale kukonza ndime yoyamba ya zimene ndidzalembe. Ndinali wokondwa, ndisakunamizeni. Mwamuna wanga akumutsanzika komaliza, ine ndikuganiza za timadontho.

Dzuwa litapendeka, anthu akudya, apongozi anabwera pamene ndinakhala. Ananyamula kamtolo kokulunga m'chitenje chatsopano, chosachapa n'kamodzi komwe. Mayi wamkulu ngati uja anagwada pamaso pa ine, n'kuika kamtoloko pamiyendo panga. Nkhope yawo inali yowala kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwana wawo.

"Mwananga, ana ako aja ndi awa," ananong'ona. "A Lorenso ndinawaona. Anachiika pambali chikwama chako, ati angochidutsitsa pa utsi. Chinthu chimene umachifungatira pamiyendo tsiku lonse, umachigwira ndi manja omwe umadyera, angochinunkhiza utsi? Zovala za malemu zimene ziti zipite kwa anthu ena atsuke bwinobwino, chako chokha asiye ndi imfa? Ndinadziwa kuti akadali ndi mangawa chifukwa unawakanira. Akufuna imfa ikutsatire ku sukulu kwako. Ndinadikira atatembenuka, ndinachitenga ndekha."

Ndinamasula chitenjecho. Laputopu inali yoyera kuposa tsiku limene ndinaigula.

"Ndinachitsegula monga umachitsegulira iwe," anapitiriza. "Ndinachimiza chonse m'beseni la mankhwala atsopano, osati otsalira ayi, a mchere ndi phulusa lokwanira. Chinakhala m'menemo mpaka katundu yense atatha. Pakati pa timabatani ndinakwecha ndi kamtengo, munali fumbi lambiri. Kakang'ono kaja ka chingwe ndinakamizanso. Kenako ndinayanika pa mphasa padzuwa, chauma gwa. Tsopano palibe chimene chingakugwire. Pita ukamalize ntchito yako."

Achimwene, pakona pake pankadontha timadzi tofiirira, tikunyowetsa chitenje chatsopanocho. Iwo sanaone, maso awo anali pa ine, akudikira. Mayi amene anaima yekha pakati pa amuna chifukwa cha ine. Mukanakhala inu mukanati chiyani? Ine ndinawomba m'manja monga amachitira kuno, n'kuthokoza m'chilankhulo chawo kuti, "Takhuta, mayi. Takhuta kwambiri." Anandigwira mutu wometawo n'kubwerera kukagawa chakudya.

Popeza tsopano ndinali womasuka kuyenda, kutacha ndinakwera minibasi ya ku Blantyre, apongozi ndinawauza kuti ndikukaona za mapepala a ulendo. Wokonza makompyuta atatsegula kumbuyo kwake anaimba mluzu. Mkati monse munali mutayera mchere, tizitsulo titayamba kale kudyeka. Anayesa mbali imene imasunga zinthu, anayesa kadisiki kaja, anayesanso pa makina ena. Anandifunsa ngati inagwera m'nyanja. Sanafune n'komwe kuti ndimulipire.

Ndinawaimbira a Molly ndili pa siteji. Anati zithunzi zoyambirira zilipo, tikhoza kuyambiranso. Tonse tinkadziwa kuti akungondipepesa. Zithunzizo azitsegulira aliyense kumayambiriro kwa mwezi wa mawa. Kuyambiranso kumafuna theka la chaka. A ku Ulaya aja akadzafalitsa, zanga zidzakhala zobwereza, ndipo digiri imene ndimafuna sapereka pa ntchito yobwereza. Thandizo la maphunziro anga likutha mu Disembala. Nyenyezi zija zidzatuluka ndithu, zidzapatsidwa manambala, anthu adzaziwerenga m'mabuku. Palibe amene adzadziwe kuti mkazi wina wa kwa Lundu anaziona poyamba, ali pakhonde ku Nchalo.

Ndabwerera kuno chifukwa nyumba ya ku Nchalo kampani inatenga, ndipo kwa mayi athu sindinakonzeke kupita ndi nkhope imeneyi. Mtima wanga ukuwawa, achimwene, ukuwawa moti chakudya sichikutsika. Ndayesa kuwakwiyira a Lorenso, koma iwo anachita zimene analonjeza. Ndayesa kuwakwiyira apongozi, ndalephera. Ndingamukwiyire bwanji munthu amene anaba chikwama changa m'manja mwa alamu ake kuti andipulumutse? Ndiye mkwiyo wonsewu watsala ndi inu. Zenera lija linali lofooka. Ndikanalikankha ndi dzanja limodzi. Inu amene munachoka kuno kalekale, amene simunagonepo ndi njala ya kuno kapena mwambo wa kuno chichokereni, ndinu amene munandiphunzitsa ulemu pa foni. Ulemuwo ndauchita wonse, palibe amene angatinene. Dzina la banja lathu lili bwinobwino, mukhoza kugona tulo.

Ndili ndi zopempha ziwiri, ndipo ulendo uno mundimvere inuyo. Mayi kwa Lundu musawauze, ndidzawauza ndekha ndikapeza mawu. Chachiwiri, musayerekeze kuimbira apongozi kapena a Lorenso kuti muwakalipire. A Lorenso akadziwa, mayi aja sadzakhalanso ndi pakamwa pamudzi pano. Adzati mkazi analowerera mwambo wa amuna, taonani zotsatira zake, ndipo namfedwa wotsatira sadzapeza womuimira.

Apongozi sakudziwa kanthu. M'mawa uliwonse akumandifunsa chifukwa chake sindinayambe ntchito. Ndikumawauza kuti batire inatha ndipo magetsi kulibe, zimene aliyense akukhulupirira popeza chiwonongekereni malo opangira magetsi a Kapichira ndi madzi osefukira a mu Januwale, ngakhale ku boma magetsi akumabwera mwa apo ndi apo. Ndinkaganiza kuti bodza limeneli lindisunga mpaka nditachoka. Koma dzulo abwera akumwetulira, ati apita okha wapansi mpaka kusukulu kukalankhula ndi a Augustino, aphunzitsi aakulu, amene ali ndi sola panyumba pawo. Avomera. Lamlungu likubwerali, Misa ikatha, tinyamula laputopu kupita kumeneko. Aitananso amayi anzawo a kutchalitchi, ati adzaone ndi maso awo zimene mpongozi wawo amaona, asamangomva. Agula kale shuga wa tiyi wa alendowo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu yakuda ndavula. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo, amene munati akufuna kudzaphunzira ngati azakhali ake, musamuuze kanthu pakali pano. A Lorenso akupereka moni, ati zonse zinayenda mwa dongosolo.

Apongozi ali pompano pamphasa, akusenda nandolo. Andifunsa kuti ndikulembera yani, ndawauza. Ati ndikupatseni moni wambiri, ndipo ndilembe mawu awo monga awanenera, ndisasinthe. Ati: "Muwauze achimwene akowo kuti ndikuthokoza chifukwa anakulangiza kuti udikire. Asade nkhawa ndi katundu wa mlongo wawo. Ndinatsuka ndekha, ndi manja angawa."

Ndine mlongo wanu,
Rute